Kuyendetsa menyu ndi kusunga zithunzi pa makina olembera pa kanema kudzera pa chingwe cha RS-232

Malangizowa ndi a munthu amene amayang'anira zipangizo m'holo ya misonkhano, kaya ku Senga Bay, pa boma ku Salima kapena ku Nkhotakota, ndipo m'holomo muli kabokosi kamene kamakhala pakati pa laputopu ndi pulojekita n'kumalola wophunzitsa kujambula mizere, mivi ndi mawu pamwamba pa kanema. Annotator ya Extron ndi Pointmaker ndi ena mwa makina otere. Wophunzitsa amalemba yekha kutsogolo, ndi chala pa sikirini yokhudza kapena ndi mausi. Koma kutsegula ndi kubisa menyu, kuimitsa kanema, kusunga chithunzi ndi kufufuta zolembedwa mungathe kuchita inuyo muli kumbuyo kwa holo, potumiza zilembo zochepa pa mawaya 3 a chingwe cha RS-232, njira yotumizirana malamulo pakati pa kompyuta ndi makina.

Ntchito yonseyi yagona pa mfundo imodzi: mukatumiza lamulo, dikirani yankho la makina musanatumize lina. Mavuto ambiri a zithunzi zopanda zolemba ndi menyu yotseguka pamaso pa anthu amachokera pa kuthamangitsa malamulo.

Yambani ndi kuona kumbuyo kwa makina

Polumikizira pa RS-232 pamakonda kukhala pa mitundu iwiri. Pena mupeza soketi ya mapini 9 imene amisiri amaitcha DB9. Pena, makamaka pa zipangizo za Extron, mupeza kapulagi ka tisikuluwu 3 tolembedwa Tx, Rx ndi G, komwe mumalowetsa waya wosenda n'kumanga.

Laputopu zambiri za masiku ano zilibe soketi ya DB9, choncho mufunika adaputa yochokera pa USB. Pogula funsani kachipu kamene kali m'kati. Za FTDI ndi zodalirika. Za CH340 n'zotsika mtengo ndipo zimagwira ntchito mukaika driver yake. Za Prolific PL2303 zilipo zachinyengo zambiri, ndipo Windows imazikana ndi uthenga wa Code 10.

Chenjerani ndi timabolodi tating'ono ta USB timene ana asukulu amalumikizira Arduino. Timalembedwanso Tx ndi Rx, koma magetsi ake ndi ena: 0 ndi 3.3 V kapena 5 V. RS-232 yeniyeni imagwiritsa ntchito magetsi a pakati pa +3 ndi +15 V kutanthauza 0, ndi a pakati pa −3 ndi −15 V kutanthauza 1. Kabolodi kotero sikangamvane ndi makina anu, ndipo magetsi a RS-232 akhoza kukawotcha.

Mawaya 3

Kumbali ya kompyuta, pini 2 imalandira, pini 3 imatumiza, pini 5 ndi ground (G), waya wobwererapo magetsi. Manambala a mapini alembedwa ting'onoting'ono pa pulasitiki; walitsani tochi ya foni muwaone, musangowerenga ndi maso, chifukwa soketi ya mabowo ndi ya mapini zimawerengedwa mosemphana.

Tx ndi pakamwa, Rx ndi khutu. Pakamwa pa kompyuta payenera kupita ku khutu la makina, ndipo pakamwa pa makina ku khutu la kompyuta. Pa kapulagi ka tisikuluwu, ndiye kuti pini 3 ipite pa Rx, pini 2 ipite pa Tx, pini 5 ipite pa G. Pa DB9 nkhani imavuta pang'ono, chifukwa makina ena anasemphanitsa kale mapiniwo m'kati ndipo amafuna chingwe cholunjika, pamene ena amafuna chingwe chosemphanitsa 2 ndi 3, chotchedwa null modem. Kunja zingwe ziwirizi zimaoneka chimodzimodzi.

Multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, imathetsa mkangano m'mphindi imodzi:

1. Yatsani makina, chingwe chili chozula kumbali ya kompyuta koma cholumikiza kumakina.
2. Ikani multimeter pa DC, ndodo yakuda pa pini 5.
3. Gusani pini 2, kenako pini 3. Imene ikuonetsa magetsi otsika pansi pa ziro, kawirikawiri pakati pa −5 ndi −12 V, ndiyo ikubweretsa Tx ya makina. Inayo ionetsa pafupifupi ziro.
4. Tx ya makina iyenera kufika pa pini 2 ya adaputa yanu. Ikafika pa pini 3, chingwe n'cholakwika. Sinthani kapena semphanitsani mawaya awiriwo.

Pa kutalika, musapitirire mamita 15. Holo ikakhala yaitali kuposa apo, ikani tosinthira ta RS-422 mbali zonse ziwiri, timene timafika mpaka mamita 1,200, kapena dzerani pa netiweki ngati makina ali ndi soketi ya LAN. A Extron ambiri amalandira malamulo omwewo pa Telnet, poti 23. Chingwe chisamangidwe mtolo umodzi ndi mawaya a magetsi.

Yesani adaputa payokha

Lumikizani adaputa pa laputopu, tsegulani Device Manager, muone nambala imene yapatsidwa pa mndandanda wa Ports, mwachitsanzo COM3. Pa Linux imaoneka ngati /dev/ttyUSB0, ndipo dzina lanu liyenera kukhala m'gulu la dialout. Tsegulani pulogalamu yolembera malamulo pa chingwe, monga PuTTY kapena Tera Term, sankhani Serial, lembani nambalayo. Tengani kawaya kapena kakilipi ka mapepala mugunditse pini 2 ndi pini 3 za adaputa, kenako lembani chilichonse. Zilembo zikamaoneka pa sikirini, n'kusiya kuoneka mukachotsa kawayako, adaputa ili bwino. Poyesa izi local echo, imene imaonetsa yokha zimene mukulemba, ikhale yozimitsa, apo ayi mudzaona zilembo ngakhale adaputa itafa.

Mukasuntha adaputa kupita pa bowo lina la USB, Windows ikhoza kuipatsa nambala ina. Sankhani bowo limodzi, limatenipo kapepala.

Liwiro ndi lamulo loyamba

Mbali zonse ziwiri zigwirizane pa zinthu 5. Makina ambiri amachoka ku fakitale ali pa liwiro (baud) la 9600, data bits 8, parity None, stop bit 1, flow control None. PuTTY imayamba ili ndi XON/XOFF pa flow control. Isintheni ikhale None. Ngati makinawo anagwirapo ntchito kwina, onani liwiro mu menyu yake, chifukwa amene anaika poyamba mwina anasintha.

Lamulo loyamba likhale funso losasintha kanthu. Pa Extron, amene malamulo ake amatchedwa SIS, lembani Q basi, osadina Enter: makina ayankha ndi nambala ya firmware, pulogalamu ya m'kati mwa makinawo. N imabweretsa nambala ya mtundu wa makinawo. Zikatheka, yesani 1! kuti musankhe cholowera choyamba, muone chithunzi chikusintha.

Zimene mwalandira zimakuuzani pamene pali vuto. Kukakhala zii, ndi chingwe, nambala ya COM, kapena pulogalamu ina yagwira kale potiyo, popeza poti imodzi imatsegulidwa ndi pulogalamu imodzi yokha. Kukabwera zilembo zosawerengeka, liwiro silikugwirizana kapena ground yaduka. Makina akamamvera koma osayankha, waya wa pini 2 ndi umene wavuta. Kukabwera E10, sangalalani: chingwe chili bwino, makina angokana lamulo limene sakulidziwa. E13 ikutanthauza kuti lamulo alidziwa koma nambala imene mwaika ili kunja kwa malire. E22 ndi makina kunena kuti atanganidwa.

Zilembo zosaoneka

Malamulo aatali, kuphatikizapo ambiri a menyu ndi a zithunzi, amayamba kapena kutha ndi zilembo zimene sizioneka pa sikirini. Zitatu ndi zofunika kuziloweza. Chilichonse chili ndi nambala yake: Esc ndi 27, kapena 1B mu hex (kalembedwe kena ka manambala pa kompyuta). CR ndi 13, kapena 0D. LF ndi 10, kapena 0A.

M'buku la makina mukaona mawu akuti Esc kutsogolo kwa lamulo, musalembe E, s, c. Ndi chilembo chimodzi, chimene chimatuluka mukadina batani la Esc kapena Ctrl ndi [ pamodzi. Pa Extron malamulo oyamba ndi Esc amatha ndi CR, ndipo mayankho onse amatha ndi CR ndi LF. Pa Pointmaker malamulo amayamba ndi Esc kenako chizindikiro cha (, zilembo za lamulo n'kutsatira. Timivi tokhota tosindikizidwa kumapeto kwa lamulo m'buku si zokongoletsa. Tsamba lofotokoza zizindikiro limanena kamene kakuimira CR yekha ndi kamene kakuimira CR ndi LF.

Mu Tera Term, pitani pa Setup, Terminal, muike Transmit pa CR. Mukasiya pa CR+LF, LF yotsalayo imakhala chilembo choyamba cha lamulo lotsatira, ndipo pa makina ena muona chodabwitsa: lamulo loyamba litheka, lachiwiri likanidwa. RealTerm imathandiza pa zotere chifukwa imaonetsa chilembo chilichonse mu hex. Komanso musamachedwe polemba: makina a Extron akadikira masekondi 10 pakati pa zilembo za lamulo limodzi, amalitaya mwakachetechete.

Menyu

Makinawa ali ndi menyu ziwiri. Ina ndi ya wophunzitsa, ya mitundu ya cholembera, kunenepa kwa mzere, chofufutira ndi batani losungira chithunzi. Ina ndi ya amisiri, yosinthira kukula kwa chithunzi, zolowera ndi zotulukira, liwiro la RS-232 ndi kumene zithunzi zimasungidwa. Tsegulani gawo la malamulo m'buku la makina anu, mukopere pa pepala limodzi malamulo awa monga alembedwera: kuonetsa menyu, kubisa menyu, kufunsa ngati menyu ikuoneka, kusankha sikirini imene menyu ionekere, ndi kutseka mabatani a kutsogolo. Zilembo zake zimasiyana pakati pa makampani, ngakhalenso pakati pa mitundu ya kampani imodzi, choncho musatenge za makina a mnzanu.

Pa kuonetsa ndi kubisa, buku likhoza kukupatsani lamulo limodzi losinthasintha, loti mukatumiza menyu ituluka, mukatumizanso ibisala, komanso malamulo awiri osiyana, la kuyatsa ndi la kuzimitsa. Tengani awiri osiyanawo nthawi zonse. Lamulo losinthasintha limadalira kuti inu mukudziwa mmene menyu ilili panopa, koma wophunzitsa kutsogolo akhoza kukhala ataibisa kale ndi chala chake. Inu mukatumiza loti "bisa", menyu imatulukira pa pulojekita pakati pa phunziro. Ngati makina ali ndi losinthasintha lokha, funsani kaye mmene menyu ilili, tumizani pokhapokha yankho likasonyeza kuti pakufunika kusintha.

Makina a zotulukira ziwiri akonzeni kuti menyu ioneke pa sikirini ya wophunzitsa yokha, anthu aziona kanema ndi zolemba basi. Zimenezi ndi zokonza kamodzi, koma ndi bwino kutumizanso lamulolo m'mawa uliwonse.

Njira ina yoyendetsera menyu ndi kutumiza malamulo otsanzira mabatani: tsegula, pansi, pansi, kumanja, Enter. Imagwira ntchito, koma ndi yosadalirika, ndipo muigwiritse ntchito pokhapokha palibe lamulo lolunjika. Chifukwa chake n'chakuti "pansi kawiri" imadalira pamene cholozera chinali. Menyu zina zimakumbukira pamene munthu anasiyira, zina zikafika pansi zimabwerera pamwamba, zina zimadzitseka zokha pakapita nthawi, ndipo firmware yatsopano ikaonjezera mzere umodzi, malamulo anu amakagwa pa chinthu china. Ngati simungachitire mwina, tumizani lamulo lotuluka katatu kuti mutsimikize kuti menyu yatsekeka, tsegulani mwatsopano, siyani pafupifupi kota ya sekondi pakati pa mabatani, ndipo pomaliza funsani makina ngati chimene mumafunacho chasinthadi. Mzere wobwezera makina mmene anachokera ku fakitale musauyandikire n'komwe ndi njira imeneyi.

Liwiro la RS-232 musalisinthe kudzera pa chingwe chomwecho popanda chifukwa. Likangosintha, kulankhulana kumaduka mpaka musinthenso kumbali ya kompyuta.

Mabatani a kutsogolo atsekeni msonkhano usanayambe. Pa Extron ndi 1X kutseka, 0X kutsegula, ndipo chingwe chimapitiriza kugwira ntchito ngakhale mabatani ali otseka. Lembani 0X pa pepala lanu lija. Amene adzagwire ntchito mawa angaganize kuti makina afa.

Kusunga chithunzi

Chithunzi sichidutsa pa chingwe cha RS-232. Chingwe chimangonyamula lamulo, ndipo chithunzi chimasungidwa m'kati mwa makina, pa flash, kapena pa kompyuta ya pa netiweki, malinga ndi mmene mwakonzera. Masamu ake ndi awa: pa baud 9600 chilembo chilichonse chimatenga mabiti 10, ndiye zilembo 960 pa sekondi. Chithunzi cha 1920 × 1080 chosungidwa ngati BMP ya mabiti 24 chili ndi mabaiti pafupifupi 6,220,800. Kuchikoka pa chingwe kungatenge ola limodzi ndi mphindi 48. Ngakhale pa 115200 zingakhale mphindi 9.

Kukula komweko ndiye chifukwa chake kusunga kumatenga nthawi ngakhale m'kati mwa makina. Tiyerekeze kuti mlangizi wa za usodzi akuonetsa mapu a nyanja, wazungulira malo oswanirana chambo, ndipo akufuna kuti aliyense adzalandire chithunzicho. Ndondomeko yake ikhale iyi:

1. Imitsani kanema. Pa makina ambiri a Extron ndi 1F, ndipo yankho limayamba ndi Frz. Buku likuonetsani ngati pakufunika nambala ina kutsogolo. Mukasiya kanema akuyenda, mzere umene wazungulira bwato umasungidwa bwatolo litachokapo.
2. Musiyeni alembe mpaka anene kuti watha.
3. Bisani menyu, mudikire yankho, kuti isalowe m'chithunzi pa makina amene amasunga zonse zooneka pa sikirini.
4. Tumizani lamulo losunga, ndi dzina la fayilo ngati lamulolo limalola.
5. Dikirani yankho lotsimikiza. Apa perekani masekondi 15 kapena kuposa, osati 2.
6. Yankho likabwera, fufutani zolemba.
7. Masulani kanema ndi 0F.

Pakati pa 4 ndi 6 ndi pamene anthu amagwa. Lamulo lofufuta likafika makina asanamalize, pena limakanidwa ndipo zolemba zakale zimatsala pa chithunzi chotsatira, pena limatheka msanga ndipo mumasunga mapu opanda mzere. Zimenezi mumazizindikira madzulo, wophunzitsa atakwera kale basi ya ku Lilongwe.

Mayina a mafayilo akhale aafupi, opanda mipata ndi zizindikiro: usodzi01, usodzi02. Lamulo losunga mwachangu limene limapereka lokha dzina ndi labwino, koma yesani muone chimene limachita makina akazima n'kuyakanso. Ngati kuwerenga kumayambiranso pa 1, kapena wotchi yabwerera m'mbuyo, zithunzi za m'mawa zikhoza kulembedwa pamwamba kapena kusokonekera ndondomeko.

Flash ikhale yofomatidwa pa FAT32, imene makina ambiri otere amawerenga. Zoposa 32 GB zimabwera zili pa exFAT, ndipo makina ena saiona n'komwe, choncho ya 8 kapena 16 GB ndi yokwanira. Pa mafayilo a 6 MB, 1 GB imalowa zithunzi zoposa 150. Ngati pali mwayi wosankha, JPEG imachepetsa kwambiri kukula koma imachititsa timadontho m'mbali mwa zilembo zopyapyala, pamene PNG imasunga mizere bwinobwino. Musazule flash yankho lotsimikiza lisanabwere.

Chithunzi chikatuluka chakuda, kapena makina akakana kusunga pamene zonse zili bwino, ganizirani HDCP, chitetezo chimene chimayenda pa HDMI. Dekoda ya TV yolipira ndi Blu-ray zimachiyatsa, ndipo palibe lamulo lochilambalala. Malaputopu ena, makamaka a Mac, amachiyatsa ngakhale akuonetsa PowerPoint wamba, akangoona kuti chipangizo chikuchilandira. Pa Extron zimitsani HDCP Authorized pa cholowera cha laputopuyo, ndipo idzatumiza chithunzi chosatsekedwa.

Kuika malamulo m'kapulogalamu

Kulemba Esc ndi dzanja msonkhano uli m'kati n'kudziputira mavuto. Chilankhulo cholembera mapulogalamu cha Python ndi choonjezera chake cha pyserial zimakwanira:

```
import serial

s = serial.Serial("COM3", 9600, timeout=2)

def tumiza(lamulo, dikira=2):
    s.timeout = dikira
    s.reset_input_buffer()
    s.write(lamulo)
    return s.read_until(b"\r\n")

print(tumiza(b"Q"))
print(tumiza(b"1F"))
```

Malamulo oyamba ndi Esc amalembedwa ndi \x1b kutsogolo ndi \r kumapeto. Pa lamulo losunga chithunzi ikani dikira=15. Mzere wa reset_input_buffer ulipo chifukwa makina a Extron amalankhula okha: munthu akadina batani kutsogolo, kapena makina akangoyaka, amatumiza uthenga osafunsidwa. Uthengawo ukakhala pamzere, pulogalamu imauwerenga ngati yankho la lamulo lanu n'kupitirira. Pa chifukwa chomwecho, musangoona kuti kwabwera kanthu. Yerekezani yankho ndi limene buku likunena, ndipo likakhala lopanda kanthu kapena E yotsatiridwa ndi manambala awiri, pulogalamu iime isanafufute. Pa E22 dikirani sekondi imodzi, yesaninso mpaka katatu.

Magetsi ndi nyengo ya kunyanja

Magetsi akazima n'kuyatsa jenereta, makina amatenga kanthawi asanayambe kumva, ndipo malamulo otumizidwa pa nthawiyo amangotayika. Tumizani Q masekondi 2 aliwonse mpaka ayankhe, kenako tumizaninso zokonza za m'mawa: sikirini ya menyu, kutseka mabatani, kumene zithunzi zipite. UPS (batire losungira magetsi) yaing'ono pa makina okhawo imateteza fayilo imene ikulembedwa pa nthawi imene magetsi akuzima. Popanda iyo fayiloyo imaonongeka, nthawi zina ndi flash yomwe.

Laputopu ndi makina zidye magetsi pa mzere umodzi. Laputopu ikakhala pa soketi ya ESCOM, makina ali pa inveta kapena jenereta, magetsi osochera amadutsa pa waya wa pini 5. Chizindikiro chake ndi zilembo zosawerengeka zimene zimatha mukazula chaja. Kachipangizo kolekanitsa magetsi pa RS-232 kamathetsa zimenezi. Nthawi ya mvula, chingwe chachitali chodutsa m'denga chizulidwe mbali zonse ziwiri holo ikatsekedwa, chifukwa mphezi ikagwa pafupi, kachipu ka RS-232 ndi kamene kamayamba kupsa.

Chinyezi cha kunyanja chimadetsa mkuwa wosenda pa tisikuluwu. Miyezi itatu iliyonse kokani waya uliwonse pang'ono. Wogwedera kapena wobiriwira mudule, musende mwatsopano, mumange osaupaka mtovu, chifukwa mtovu umafewa pansi pa sikuluwu ndipo waya umamasuka. Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukafika pachimake, kabati ya zipangizo isatsekedwe kotheratu. Ku Nkhotakota nkhungu zikatuluka m'nyanja zimatsatira magetsi a m'holo n'kudzaza timabowo tolowera mpweya. Zimitsani makina, muzichotse ndi burashi youma, kenako sungani chithunzi chimodzi choyesera ndi kuchitsegula pa kompyuta anthu asanalowe.